TIZINGWE TOGWIRA MATENDA: NJIRA INA YOFUNIRA MANKHWALA ATSOPANO

M'mwezi wa August caka ca 2023, bungwe loyang'anira zakudya ndi mankhwala m'dziko la America, lochedwa FDA, linaloleza madokotala kuti ayambe kulasa odwala maso mankhwala ochedwa Izervay. Mankhwalawa sanacokere ku muzu wa mtengo, kapena ku nkhungu monga penicillin, kapenanso m'magazi a nyama. Ndi kacingwe kakang'ono zedi, kosaoneka ndi maso, kolukidwa ndi zinthu za mtundu womwewo umene umasunga cibadwa ca munthu, ca ng'ombe ndi ca cimanga. Akatswiri a sayansi amakacha aptamer.

Tizingwe totere tinatulukiridwa m'caka ca 1990, ndipo panthawiyo ambiri anayembekeza kuti posacedwa zipatala zidzadzala ndi mankhwala opangidwa mwa njira imeneyi. Sizinatero ai. Pa zaka 33 zimene zinatsatira, Izervay anali mankhwala aciwiri okha a mtundu umenewu kuloledwa ndi bungwe lija. Komabe ofufuza sanataye tizingweti, ndipo ena a iwo atiyesa pa malungo ndi pa kaodzera, matenda amene anthu a kum'mawa kwa Zambia awadziwa bwino lomwe.

Msuka ndi mpini

Thupi la munthu linamangidwa ndi tizipinda tating'ono tochedwa maselo, ndipo nchito zambiri za m'tizipindamo zimagwiridwa ndi mapuloteni. Dzina limeneli amai amalimva kukiliniki pamene anamwino akuphunzitsa za nyemba, nshawa ndi kapenta, koma m'thupi muli mapuloteni a mitundu zikwi zambiri, iliyonse ndi nchito yake. Ina imagaya cakudya, ina imaumitsa magazi pa bala, ina imalamula mitsempha kuti imere. Nato tizirombo ta matenda tili ndi mapuloteni awo. Munthu amadwala pamene puloteni ina yapitirira muyeso pa nchito yake, kapena yaleka kugwira, kapena pamene ya kacirombo yalowerera.

Tsono mankhwala ambiri amaciritsa pogwira puloteni imodzi ndi kuiletsa nchito. Kuti atero ayenera kulowana nayo ndendende, monga msuka wa khasu ulowana ndi mpini wake. Mpini wa bowo lalikulu khasu limaguluka, wa bowo laling'ono msuka sulowa. Vuto lalikulu la ofuna mankhwala ndi lomweli: kupeza kanthu kolowana ndi puloteni ya matenda, koma kosakhudza anzake amene afanana nayo. Nchitoyi ndi yaitali ndiponso yodya ndalama. Kawirikawiri pamapita zaka 10 kufikira 15 mankhwala asanafike kucipatala, ndipo mwa mankhwala 10 amene ayamba kuyesedwa pa anthu, pafupifupi 9 amathera panjira.

Thupi lili ndi zogwirira zakezake zochedwa ma-antibody, amene ali ngati asilikali ozindikira mdani. Mu 1975 Georges Köhler ndi César Milstein, ku Cambridge m'dziko la Britain, anapeza njira yopangira ma-antibody a mtundu umodzi ambirimbiri. Kucokera pamenepo kwatuluka mankhwala ambiri amphamvu. Koma ma-antibody amafuna nyama kapena maselo amoyo kuti apangidwe, amadya ndalama zambiri, ndipo akatenthedwa amaonongeka osabwereranso, monga dzira lophika silibwerera kukhala laliwisi.

Mikanda ya mitundu inai

Cibadwa ca camoyo ciriconse cinalembedwa m'cingwe cochedwa DNA, cimene cili ndi mbale wake wochedwa RNA. Cingwe cimeneci cifanana ndi ulusi wa mikanda, koma mikanda yake ndi ya mitundu inai yokha, imene asayansi amailemba ndi malembo A, C, G ndi T. Mu RNA malo a T amatengedwa ndi U. Mikandayi imakondana iwiriiwiri: A amagwirana ndi T, ndipo G amagwirana ndi C.

Kwa zaka zambiri anthu ankaganiza kuti nchito ya zingwezi ndi kusunga ndi kunyamula malangizo basi. Koma cingwe cimodzi cacifupi cikasiyidwa m'madzi sicikhala cotambasuka. Mikanda yokondana ija imafunana, ndipo cingweco cimadzipinda, nkupanga mfundo, timakona ndi timaenje. Mpangidwe wake umadalira mndandanda wa mikanda. Mkanda umodzi ukasintha, mpangidwe nawo ukhoza kusintha. Aptamer ndi kacingwe kotere, kawirikawiri ka mikanda yapakati pa 20 ndi 100, kamene kadzipinda mwakuti kalowana ndi cinthu cina nkucigwira zolimba ngati ulimbo.

Nanga kacingwe koyenera kangadziwike bwanji? Palibe munthu angathe kukhala pansi nkulingalira mndandanda wake. Apa masamu ndiwo amathandiza. Mikanda iwiri ya mitundu inai ikhoza kundandalikidwa m'njira 16, itatu m'njira 64, ndipo mikanda 10 m'njira zopitirira miliyoni imodzi. Ikafika 25, njira zake ndi nambala ya 1 wotsatidwa ndi maziro 15. Tizingwe toculuka motero titagawidwa kwa anthu onse a padziko lapansi, amene anakwana mabiliyoni 8 mu 2022, munthu aliyense akanalandira toposa 100,000. Codabwitsa ncakuti unyinji wonsewo umapangidwa ndi makina ndipo umakwana m'kabotolo kocepa kuposa cala. Pa khamu lotere sipalephera kupezeka towerengeka tolowana ndi puloteni imene ikufunidwa.

Kupeta

Njira yotipezera inatulukira m'malo awiri m'caka cimodzi ca 1990. Ku yunivesite ya Colorado, mumzinda wa Boulder, wophunzira wina dzina lake Craig Tuerk pamodzi ndi mphunzitsi wake Profesa Larry Gold anaicha njirayo SELEX. Ku cipatala ca Massachusetts General, mumzinda wa Boston, Andrew Ellington ndi Profesa Jack Szostak anacita zofananazo pogwiritsa nchito utoto wonyikira nsalu, ndipo ndiwo anapeka dzina lakuti aptamer. Analitenga ku liu la Cilatini lakuti aptus, kutanthauza cinthu cokwana bwino, ndi la Cigiriki lakuti meros, kutanthauza gawo. Profesa Szostak analandira mphoto ya Nobel mu 2009, ngakhale kuti inali ya nchito ina.

Mai aliyense amene anagwirapo licero akhoza kuimva njira imeneyi msanga. Puloteni imene ifunidwa imamatidwa pa timibulu tating'ono, ndipo khamu lonse la tizingwe limathiridwa pamenepo. Kenaka amatsuka. Tosagwira timapita ndi madzi ngati mankhusu, togwira timatsala. Totsalato nkuticotsa pa puloteni, ndipo makina ochedwa PCR amaticulukitsa, kamodzi nkukhala mamiliyoni. Apa nchitoyi yasiyana ndi kupeta, yafanana ndi mlimi wosankha zitsononkho zabwino kuti zikhale mbeu ya caka camawa. Mbeu yatsopanoyo imathiridwanso pa puloteni, koma ulendo uno kutsuka kumakhala kwamphamvu kuposa poyamba. Akabwereza motero kasanu ndi katatu, kakhumi, pena kufikira ka 15, pamatsala tizingwe towerengeka togwira kolimba kopambana. Amatiwerenga mndandanda wa mikanda yake, naulemba. Kucokera tsiku limenelo, aliyense amene ali ndi makina akhoza kupanga kacingwe komweko pongotsata malembowo, popanda kalulu, mbewa kapena hachi.

Luso la tizingweti posiyanitsa zinthu linaoneka bwino mu 1994. Pali mankhwala akale a mphumu ochedwa theophylline, amene afanana kwambiri ndi caffeine wopezeka mu tiyi ndi khofi. Kusiyana kwao ndi kanthambi kamodzi kokha. Ofufuza a ku Boulder anapeza kacingwe ka RNA kogwira theophylline mwamphamvu yoposa ka 10,000 mmene kagwirira caffeine.

Nchito yake pofufuza

Anthu akamva za tizingweti amafulumira kufunsa kuti ticiritsa nthenda yanji. Kunena zoona, phindu lake lalikulu kufikira tsopano laoneka m'nyumba zofufuziramo, mankhwala asanabadwe nkomwe.

Kampani isanataye ndalama pa puloteni ina, iyenera kutsimikiza kuti puloteniyo ndiyodi ikucititsa matenda. Aptamer amathandiza pamenepa. Amamuika m'maselo kuti agwire puloteni imene akuiganizira, ndipo akaona kuti matenda aleka, amadziwa kuti njoka ili m'dzenje lomwelo, kukumba sikupita pacabe.

Njira ina yocenjera inacokera kwa Profesa Michael Famulok wa ku yunivesite ya Bonn ku Germany. Aptamer sangamwedwe ngati mbulu wa mankhwala, pakuti m'mimba amagayidwa monga cakudya. Tsono gulu lake linamusandutsa mlonda. Linamata kacingwe konyezimira pa puloteni, nkuyamba kuthirapo mankhwala ang'onoang'ono a mitundu zikwizikwi, umodzi ndi umodzi. Mtundu umene wakankha kacingwe nkukhala pamalo pake umadziwika cifukwa kunyezimira kumasintha, ndipo umenewo ndiwo wolowana ndi puloteniyo pamalo oyenera. Mwa njira imeneyi, mu 2006, anapeza kanthu kochedwa SecinH3, kamene kanathandiza kumvetsa mmene insulin imagwirira nchito m'ciwindi.

Nayenso Profesa Gold anatsegula kampani yochedwa SomaLogic m'caka ca 2000. Iyo inasonkhanitsa tizingwe ta mitundu zikwi zambiri, kalikonse kodziwa puloteni yakeyake, kotero kuti pofika 2023 inkatha kuyeza mapuloteni okwana ngati 11,000 m'madontho ocepa a magazi. Poyerekeza magazi a odwala ndi a anthu abwinobwino, ofufuza amaona mapuloteni amene akwera kapena kutsika, ndipo amadziwa koyambira kufuna.

Mankhwala oyamba

Kusandutsa kacingwe kukhala mankhwala olasa munthu kunali kobvuta. M'magazi muli mapuloteni amene nchito yao ndi kudula zingwe zacilendo, ndipo RNA yosatetezedwa imatha m'mphindi zocepa. Imene yapulumuka imasefedwa ndi impso nkutuluka ndi mkodzo, cifukwa ndi yaing'ono kwambiri. Akatswiri anasula mikanda ina kuti isadulike, namangirira ku kacingweko mcira wolemera wochedwa PEG kuti impso zisakataye msanga.

Mankhwala oyamba anali a maso. Pali nthenda ya acikulire imene imaononga pakati pa kansalu ka kumbuyo kwa diso kamene kamalandira kuwala. Si ng'ala ai, pakuti ng'ala imacotsedwa ndi opaleshoni munthu nkuonanso. Pa nthenda iyi timitsempha tosafunika timamera kumbuyo kwa diso nkumadontha, mwakuti wodwala amaona m'mbali koma pakati pali mdima, nkhope ya mdzukulu wake osaizindikira. Colamula timitsemphato kuti timere ndi puloteni yochedwa VEGF. Kampani ya NeXstar, imenenso inayambidwa ndi Profesa Gold, inapeza kacingwe koigwira. Pambuyo pake nchitoyo inapitirizidwa ndi makampani a Eyetech ndi Pfizer, ndipo mu December 2004 mankhwalawo analoledwa ndi dzina lakuti Macugen. Ankalasidwa ndi nyeleti m'diso mwenimwenimo kamodzi pa milungu 6 iliyonse.

Pa kuyesa kumene kunacitika pa odwala pafupifupi 1,200, mwa anthu 100 olandira Macugen, 70 sanataye mizere itatu ya malembo a pa bolodi loyezera maso m'caka cimodzi. Mwa osalandira anali 55. Linali thandizo ndithu, koma ulemerero wake sunakhalitse. Mu 2006 kunabwera Lucentis, wopangidwa kucokera ku antibody, amene anasunga maso a anthu pafupifupi 95 mwa 100, ndipo mmodzi mwa atatu anayamba kuona bwino kuposa kale. Cifukwa cake ncophunzitsa. VEGF ili ndi mitundu ingapo. Macugen ankagwira makamaka mtundu umodzi, pamene Lucentis amagwira yonse. Luso lija losankha kwambiri, limene linachukitsa tizingweti, ndilo linagwetsa Macugen pamsika, ndipo madokotala anamusiya pang'onopang'ono.

Tsoka la 2014

Cimene cinabweza anthu m'mbuyo kopambana cinacitika pa mankhwala a mtima. Madokotala akamatsegula mtsempha wa mtima umene watsekeka, amapatsa wodwala mankhwala oletsa magazi kuundana, koma mankhwala otere akapitirira munthu amataya magazi osaleka. Ku yunivesite ya Duke, gulu la Profesa Bruce Sullenger linapeza nzeru yokoma mu 2002. Linapanga kacingwe koletsa magazi kuundana, nkupanganso kena kokhala ndi mikanda yokondana ndi ya koyambako. Kaciwiriko kakalasidwa, kamagwira koyamba nkukatambasula, ndipo mphamvu yake imatha m'mphindi zocepa. Anali mankhwala obwera ndi cotsukulutsa cake.

Kampani ya Regado inawayesa ndi dzina lakuti REG1. Mu 2014, odwala oposa 3,200 atalowa kale m'kuyesako, nchito inaimitsidwa. Mwa anthu pafupifupi 1,600 amene analandira REG1, 10 matupi ao anawakana mankhwalawo moopsa, ndipo mmodzi anamwalira. Pofufuza anapeza kuti colakwa sicinali kacingwe, koma mcira uja wa PEG. Anthu ena anali kale ndi ma-antibody odana ndi PEG m'magazi mwao. Patangopita zaka ziwiri, mu 2016, mankhwala ena a maso ochedwa Fovista nawonso analephera pa kuyesa komaliza. Eni ndalama ambiri anacotsa manja ao.

Ncifukwa cake kuloledwa kwa Izervay kunali nkhani kwa akatswiri. Iye amagwira puloteni yochedwa C5, ndipo ndi wa mtundu wina wa nthenda yomweyo ya maso a acikulire, umene kansalu ka m'diso kamafota pang'onopang'ono. Sabweza maso amene atayika kale, amangocedwetsa kufotako. Ngakhale zili tero, kampani ya Astellas ya ku Japan inagula kampani ya Iveric Bio, mwini mankhwalawa, pa mtengo wa madola pafupifupi mabiliyoni 5.9 m'caka comweco. Si mwangozi kuti mankhwala onse awiri ndi a maso. Diso ndi kacipinda kotsekeka, kofuna mankhwala ocepa, ndipo kali kutali ndi impso.

Malungo ndi kaodzera

Nthenda ya maso a acikulire a ku America si imene imasowetsa tulo amai a ku Petauke, Katete kapena Lundazi. Coyenera kufunsa ncakuti, kodi tizingweti tingathandize pa matenda a kumudzi?

Kacipangizo koyezera malungo, kamene mthandizi wa zaumoyo amadonthezapo magazi a ku cala, kamagwira nchito ndi ma-antibody. Ndico cifukwa cake pa bokosi pamalembedwa kuti tisungidwe pamalo osatentha kupitirira madigiri 30 kapena 40. Koma ku cigwa ca Luangwa m'mwezi wa October kutentha kumapitirira madigiri 40, ndipo m'nyumba ya malata kumaposa pamenepo. Palinso vuto lina. Zoyezera zambiri zimafuna puloteni ya kacirombo ka malungo yochedwa HRP2, ndipo ku Peru, ku Eritrea ndi ku Ethiopia kwapezeka tizirombo tosapanga puloteni imeneyi, mwakuti wodwala malungo enieni amauzidwa kuti alibe. Kacingwe ka DNA kakatenthedwa kamatambasuka, koma kakazizira kamadzipindanso monga kale. Mu 2013 gulu la Dr Julian Tanner ku yunivesite ya Hong Kong linalengeza za aptamer wogwira puloteni ina ya kacirombo ka malungo, imene kacirombo kamaifuna kuti kapeze mphamvu, ndipo linaonetsa mpangidwe wa kugwirana kwao. Zoyezera zopangidwa ndi kacingweko zayesedwa ndi ofufuza, koma zimene zili m'makiliniki a kumidzi zikali za ma-antibody.

Kaodzera ali ndi mbiri yake m'dziko lino. Kacirombo ka mtundu woopsa msanga, Trypanosoma brucei rhodesiense, kanalembedwa koyamba mu 1910 kucokera m'magazi a munthu amene anadwalira ku cigwa ca Luangwa, ndipo dzina lake likumbutsa dzina lakale la dzikoli. Kamafalitsidwa ndi kashembe. Kacirombo aka nkocenjera: kamavala malaya a puloteni, ndipo thupi likangoyamba kukazindikira kamavula nkuvala ena. Ici ndico cifukwa cacikulu cimene katemera wake sanapezeke. Mu 1999 Matthias Homann ndi Ulrich Göringer a ku Germany anathira khamu la tizingwe pa tizirombo tamoyo ta kaodzera, napeza kacingwe kogwira malo amene sasintha pamodzi ndi malaya. Ciyembekezo cinali cakuti kacingwe kotere kanganyamule poizoni nkukamtula pa kacirombo pokha. Ku South Africa, Dr Makobetsa Khati, amene mu 2003 ali ku Oxford anapeza tizingwe toletsa kacirombo ka HIV kulowa m'maselo a m'mbale zofufuzira, anatsogolera gulu lofufuza za tizingwe ku bungwe la CSIR ku Pretoria. Enanso akuyesa tizingwe pa ululu wa njoka, pakuti mankhwala a njoka amene alipo amacokera m'magazi a mahachi ndipo ambiri amafuna firiji.

Pa zonsezi palibe cimene cafika pokhala mankhwala olandira kucipatala, ndipo munthu wobwera pamudzi kudzagulitsa botolo ponena kuti muli mankhwala a aptamer a malungo kapena a AIDS ndi wakuba. Cimene cimacedwetsa si sayansi yokha. Kuyesa mankhwala pa anthu zikwi kumafuna ndalama zambiri, ndipo makampani amathamangira matenda a anthu okhoza kulipira.

Thandizo latsopano la odwala kaodzera linabwera ndi njira yakale. Kwa zaka zambiri, nthendayi ikafika ku ubongo, mankhwala ake anali melarsoprol, wokhala ndi poizoni wa arsenic, amene ankapha pafupifupi wodwala mmodzi mwa 20 alionse. Mibulu yakumwa yochedwa fexinidazole inayesedwa ku Rumphi m'dziko la Malawi ndi ku Lwala m'dziko la Uganda, ndipo mu December 2023 bungwe loona za mankhwala ku Ulaya linaivomereza pa kaodzera wa mtundu wa ku Luangwa. Mu 2024 bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linaiika patsogolo pa malangizo ake, kwa odwala a zaka 6 kupita m'tsogolo amene alemera makilogalamu 20 kapena kuposa.